Kodi Linker Ali Kudandaula Chiyani?

Ndapempha malo pang'ono kwa Akonzi kuti ndifotokoze za chinthu chimene chinatisowetsa mtendere ife a kagulu ka makompyuta m'teremu yapitayi. Inu nonse mudziwa kuti makompyuta pasukulu pano ndi owerengeka, ndipo munthu akaupeza mpando amakhalapo mphindi 40 zokha, ndiponso magetsi akhoza kuchoka nthawi iriyonse. Tsono kutaya madzulo atatu athunthu chifukwa cha mzere umodzi wa Chingerezi si nkhani yoseketsa ayi. Mmodzi wa ife, mtsikana wa Fomu 3 amene amatiposa tonse pa masamu, anafika ponena kuti kulemba mapulogalamu si kwa iye, nafuna kuleka. Chimenechi ndicho chandilembetsa, kuti wina akadzakumana nazo asadzataye mtima chomwecho.

Bambo ake a mtsikanayu ndi mmisiri wa madenga konkuno ku Namwera, ndipo iye anafuna kuwapangira kapulogalamu kowerengera kutalika kwa phaso. Nyumba ikakhala ya mamita 8 m'lifupi, theka lake ndi 4, ndipo ngati msonga ya denga iri mamita 3 pamwamba pa khoma, phaso likhala la mamita 5, monga atiphunzitsa pa lamulo la Pythagoras. Analemba m'chilankhulo cha C, chija chinapangidwa ndi Dennis Ritchie ku Bell Labs ku America cha m'ma 1972, nalitcha fayilo lake phaso.c. Zimene analemba ndi izi:

#include <stdio.h>
#include <math.h>

int main(void)
{
    double a, b;
    scanf("%lf %lf", &a, &b);
    printf("%f\n", sqrt(a*a + b*b));
    return 0;
}

Kompyuta imene anakhalapo ndi ya Linux, choncho analamula kuti: gcc phaso.c -o phaso. M'malo mwa pulogalamu panatuluka mawu akuti undefined reference to `sqrt', ndipo pansi pake panali enanso akuti collect2: error: ld returned 1 exit status.

Tinachita zimene aliyense amachita. Tinayang'ana mzere uliwonse kuti tione ngati pasowa chizindikiro chotsekera, tinawerenga mabulaketi ndi chala, tinalembanso pulogalamu yonse kuyambira pachiyambi, tinazimitsa kompyuta ndi kuiyatsanso. Mnyamata wina anaweruza kuti ndi vayirasi, pakuti kwa iye matenda onse a kompyuta ndi vayirasi. Chotizunguza mutu koposa chinali chakuti titakopera fayilo lomwelo pa kompyuta yoyandikana nayo ya Windows, m'mene muli Code::Blocks, linayenda bwinobwino popanda dandaulo lirilonse. Pa tsiku lachitatu aphunzitsi athu anaima kumbuyo kwathu, nawerenga mawu aja kamodzi kokha, natifunsa kuti, "Kodi amene ali kukudzudzulaniyu ndani?" Ife tinati ndi kompyuta. Iwo anati, "Iai, m'menemo muli antchito angapo. Yambani mwadziwa amene ali kulankhula, kenaka mudzamva chimene ali kunena."

Nkhani yake iri chonchi. Kompyuta simva C, monganso simva Chichewa. Imamva malamulo ake a manambala okhaokha. Tsono pamene tilamula gcc, zolemba zathu zimadutsa m'manja mwa antchito anayi motsatizana. Woyamba amatenga mizere yoyamba ndi chizindikiro cha #, naika m'malo mwake zimene ziri m'mafayilo amene tawatchula. Wachiwiri ndiye compiler weniweni, womasulira. Ife a kuno ntchito yake tiidziwa bwino, pakuti ambiri a ife tilankhula Chiyao kunyumba, Chichewa pabwalo, Chingerezi m'kalasi, ndipo palibe amene sanamasulirepo mawu a adokotala kwa agogo ake. Wachitatu amasandutsa zomasulirazo kukhala manambala, nazisunga m'fayilo lothera ndi .o. Wachinayi ndiye linker, wolumikiza, amene pa Linux dzina lake ndi ld. Iyeyu amasonkhanitsa mafayilo onse a .o pamodzi ndi zidutswa zotengedwa m'malaibulale, nazimanga kukhala pulogalamu imodzi yoti iyende. Za woyamba ndi wachitatu tisataye nazo nthawi, pakuti savutitsa kawirikawiri. Nkhani yagona pa womasulira ndi wolumikiza.

Womasulira amagwira fayilo limodzi pa nthawi imodzi, ndipo ndi munthu wokhulupirira msanga. Akapeza dzina monga sqrt, iye afuna kudziwa zinthu ziwiri zokha: chimenechi chimalandira chiyani, ndipo chimabweza chiyani. Zimenezi amazipeza mu math.h. Pano ndi pamene ife tonse tinasokera, pakuti tinkayesa kuti polemba #include <math.h> ndiye kuti tabweretsa sqrt m'pulogalamu mwathu. Si choncho. Mu math.h muli dzina lokha ndi maonekedwe ake, mulibe malamulo opezera yankho. Liri ngati kaundula wa mayina wa aphunzitsi: mwalembedwa kuti m'kalasi muno muli wakutiwakuti, wa zaka zakuti, koma kaundulayo si mwanayo. Womasulira akaona dzina m'kaundula amakhutira, nasiya mpata m'fayilo la .o, nalembapo kuti, pano padzalowa sqrt, wina adzamupeze.

Wodzamupezayo ndiye linker. Ntchito yake ifanana ndi ya aphunzitsi oitana mayina m'mawa. Dzina lirilonse limene latchulidwa amaliitana, nayembekeza kuti wina avomere. Iye saona konse zimene tinalemba m'chilankhulo cha C. Sadziwa za mabulaketi athu kapena zizindikiro zathu. Chimene adziwa ndi mayina ndi eni ake. Motero madandaulo ake ndi ochepa ndithu. Pena waitana dzina ndipo palibe wovomera. Pena waitana dzina ndipo avomera awiri. Pena tamtuma ku chipinda chimene iye sali kuchipeza, kapena wapeza chitseko chotseka. Ine m'teremu yonse sindinaonepo dandaulo lake limene silinalowe mwa amenewa.

Kusiyanitsa mawu a awiriwa sikuvuta munthu akauzidwa kamodzi. Womasulira akadandaula amatchula fayilo lanu ndi nambala ya mzere, monga phaso.c:8, nakulozerani pamene palakwika. Wolumikiza amatchula dzina limene ali kulifuna, ndipo pafupi pake mudzaona ld, kapena fayilo la .o, kapena manambala achilendo monga .text+0x ndi ena otsatira. Mzere wotsiriza uja wakuti ld returned 1 exit status ndi umene umaopsa anthu chifukwa ndi umene maso amayamba kuuona, koma ulibe nkhani. Uli ngati mesenjala wongobwera kudzanena kuti mlandu sunathe bwino. Mlandu wake uli m'mizere ya pamwamba, ndipo woyenera kuyamba nawo ndi woyamba weniweni.

Tibwerere kwa sqrt. Mawu akuti undefined reference atanthauza kuti dzina latchulidwa koma mwini wake sanapezeke. Funso loyenera si lakuti ndalakwitsa pa mzere uti, koma lakuti kodi ameneyu amakhala kuti. printf ndi scanf amakhala m'laibulale yaikulu ya C yotchedwa libc, ndipo gcc amamtengera linker kumeneko nthawi zonse popanda ife kupempha. Koma sqrt, pow, sin, cos ndi anzawo a masamu, pa Linux amakhala m'laibulale yawoyawo yotchedwa libm, imene linker salowamo ngati sitimuuza. Mwambo umenewu ndi wakale, wa masiku a Unix yoyamba. Kompyuta ya PDP-11 imene C inakulirapo inkalola pulogalamu malo a makilobayiti 64 okha pa nthawi imodzi, malo osakwanira ngakhale chithunzi chimodzi cha pa foni za lero, choncho anthu a nthawi imeneyo sankanyamula katundu amene sadzamugwiritsa ntchito. Mankhwala ake ndi zilembo zitatu:

gcc phaso.c -o phaso -lm

Chilembo cha l chitanthauza laibulale, ndipo chotsatira ndi dzina lake titachotsa lib wa kutsogolo. Libm atsala m. Pa kompyuta ya Windows ija sipanafunike zimenezi chifukwa kumeneko zamasamu ziri m'malaibulale amene amalumikizidwa kale nthawi zonse. Pulogalamu ya mnzathuyo inalibe cholakwa ngakhale chimodzi kuyambira tsiku loyamba.

Pali msampha wina pano umene unatigwira pa tsiku lachiwiri. Poyesa kupeza povuta, tinachotsa a ndi b ndi kulemba sqrt(25.0), ndipo pulogalamu inatheka popanda -lm. Tinasangalala kuti tachiritsa, koma titabwezera a ndi b dandaulo linabweranso. Chifukwa chake ndi chakuti compiler akaona nambala yodziwika kale amawerengera yekha, nalemba 5 m'malo mwake, ndipo dzina la sqrt silifika n'komwe kwa linker.

Ndiponso malo amene muika -lm ali ndi kanthu. Mnyamata wa vayirasi uja atamva mankhwalawa analemba gcc -lm phaso.c -o phaso, ndipo pa kompyuta yomweyo dandaulo silinachoke. Linker amayenda pa mzere wa lamulo kuchokera kumanzere kunka kumanja, ndipo akafika pa laibulale amatengamo zokhazo zimene wafunsidwa kale. Ali ngati mwana amene wadutsa pamsika asanauzidwe chokagula; afika kunyumba manja ali lende, amayi namuuza kuti pafunika mchere, koma msika wausiya kale m'mbuyo. Si makompyuta onse amene amaumirira chonchi, koma Ubuntu amatero, ndipo kuika malaibulale kumapeto, pambuyo pa mafayilo amene ali kuwafuna, kumayenda paliponse.

Dandaulo lomweli la dzina lopanda mwini limabweranso m'njira zina, ndipo zonse tinakumana nazo pamene pulogalamu yathu inayamba kukula. Tinagawa ntchito pawiri: kuwerengera tinakuika mu masamu.c, m'mene munali kachigawo kotchedwa talika, ndipo kufunsa manambala kunatsala mu phaso.c. Tinalembanso masamu.h wonena za maonekedwe a talika. Polamula tinatchula phaso.c yekha monga tinazolowera, ndipo linker anati undefined reference to `talika'. Ndithu anali kunena zoona, pakuti fayilo limene talika amakhalamo sitinampatse. Gcc safufuza yekha mafayilo amene ali pafupi; zimene simunatchule kwa iye kulibe. Lamulo loyenera ndi gcc phaso.c masamu.c -o phaso -lm. Ogwiritsa ntchito Code::Blocks achenjere pomwepa, chifukwa fayilo likhoza kukhala lotsegulidwa pamaso panu koma lisanalowetsedwe mu project, ndipo kwa linker limenelo ndi mlendo wongoima pakhomo.

Nthawi zina mwini dzina alipo koma walembedwa mosiyana. Kwa linker talika ndi Talika ndi anthu awiri, monganso talika ndi talka. Zikachitika pa main nkhani imakula, popeza main ndilo dzina limene liyenera kupezeka m'pulogalamu iriyonse ya C, pamene ntchito imayambira. Mukalemba Main kapena mian mudzamva undefined reference to `main'. Pa Windows mawu ake ndi osokoneza kwambiri, pakuti amatchula WinMain, dzina limene inu simunalembepo chibadwire. Koma matenda ndi omwewo. Ndipo ndiulule chamanyazi changa. Tsiku lina ndinalimbana ndi WinMain mpaka belu, main wanga ali wolembedwa bwino pamaso panga, kufikira mwana wa Fomu 1 amene ankangoonerera anandifunsa ngati ndasunga fayilo. Ndinali ndisanasunge. Zimene gcc ankawerenga zinali fayilo lopanda kanthu.

Amene ayamba C++ adzakumana ndi mtundu wina wa dandaulo lomweli. Akalamula ndi gcc m'malo mwa g++, womasulira amamasulira bwino, koma laibulale ya C++ silumikizidwa, ndipo pamatuluka mizere yambirimbiri yotchula std::cout ndi mayina ena aatali oopsa. Musaiwerenge yonse. Sinthani gcc akhale g++ ndipo yonse ichoka nthawi imodzi.

Pali chida chimodzi chimene ine ndachikonda koposa, chifukwa chimationetsa kaundula weniweni amene linker amawerenga. Mukalamula gcc -c phaso.c, ntchito imaimira pa fayilo la phaso.o, linker asanaitanidwe. Ngati izi zatheka popanda dandaulo, mwadziwa kale kuti womasulira alibe nanu mlandu, ndipo kufunafuna mabulaketi ndi kutaya nthawi. Kenaka lamulani nm phaso.o. Padzatuluka mndandanda wa mayina, lirilonse ndi chilembo patsogolo pake. Chilembo cha T chinena kuti mwini dzina ali m'fayilo lomweli; chilembo cha U chinena kuti dzinalo lafunidwa chabe, mwini wake ali kwina. Ife tinaona T main, U sqrt, U talika. Titayang'ana masamu.o tinapeza T talika. U aliyense ayenera kukumana ndi mwini wake mmodzi penapake, ndipo ntchito yonse ya linker ndi yomweyo. Ndinadandaula kuti sitinachidziwe chida chimenechi pa tsiku loyamba.

Tsono za dzina limene avomera awiri. Mawu ake ndi akuti multiple definition of, ndipo pansi pake linker amanenanso kuti first defined here, kutilozera pamene anayamba kumupeza. Ife tinalichititsa tokha mwa nzeru zathu. Titatopa ndi kuiwala masamu.c, wina analemba #include "masamu.c" pamwamba pa phaso.c kuti asadzaiwalenso, koma polamula anatchulanso mafayilo onse awiri. Motero talika analowa kawiri, kamodzi mu phaso.o ndi kamodzi mu masamu.o, ndipo linker sasankha pakati pa awiri, amangoima. Lamulo lake ndi lakuti zolowetsa ndi #include zikhale mafayilo a .h, ndipo mu .h mukhale mayina ndi maonekedwe okha. Chimodzimodzinso ndi manambala ogawana. Mukalemba int chiwerengero, mu.h amene alowetsedwa m'mafayilo awiri, aliyense amakhala ndi chiwerengero chake. Kale gcc ankakhululuka zimenezi nawaphatikiza, koma kuyambira pa GCC 10, amene anatuluka mu 2020, amakana. Ichi ndi chifukwa chake zitsanzo zina za m'mabuku akale sizitheka pa makompyuta atsopano ngakhale munthu atakopera mosamala. Chochita ndi kulemba extern int chiwerengero, mu.h, ndi kulemba int chiwerengero. M'fayilo limodzi lokha la.c.

Madandaulo a mtundu wachitatu sindidzachulukitsa nawo mawu. Linker akati cannot find -l ndi dzina motsatira, ndiye kuti laibulale imene mwatchulayo kulibe pa kompyutayo, kapena mwalemba dzina lake molakwa, kapena iri pamalo pamene iye sayang'anapo, ndipo muyenera kumlozera ndi -L. Akati cannot open output file ndi Permission denied, makamaka pa Windows, kawirikawiri pulogalamu yanu ya poyamba ikali kuyenda m'kazenera kakuda kamene kabisala kumbuyo, iri kudikira kuti mulembe nambala. Windows salola kulemba pamwamba pa pulogalamu imene iri kuyenda. Tsekani kazenerako, muyesenso.

Wina adzafunsa kuti nanga bwanji osangopanga wantchito mmodzi wochita zonse, kuti mavuto amenewa asakhalepo. Ine ndinafunsa chomwecho, ndipo yankho lake linandigwira mtima. Kulumikiza ndi kumene kumatilola kubwereka ntchito ya anthu ena. Palibe wa ife amene adziwa kulemba malamulo opezera sqrt molondola mpaka manambala 15, koma ena anawalemba kale, anawamasulira kale, ndipo ife timangoitana dzina. Ndiponso pulogalamu ikakhala ya mafayilo 1,000, wosintha fayilo limodzi amamasuliranso limodzi lokhalo nalumikiza, osayambanso zonse. Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa C. Mu 1952 mayi wina wa ku America, Grace Hopper, anapanga A-0 pa kompyuta ya UNIVAC I. Zidutswa za ntchito zinkasungidwa pa tepi, chirichonse ndi nambala yake yoitanira, ndipo A-0 ankazitenga ndi kuziika pamodzi. Ngakhale ankamutcha compiler, ntchito yake inali pafupi kwambiri ndi ya linker wa lero. Gcc amene tigwiritsa ntchito ife anatulutsidwa koyamba ndi Richard Stallman mu 1987, ndipo aliyense akhoza kumtenga kwaulere, chimene ndi mwayi kwa sukulu ngati yathu.

Mnzathu uja sanaleke. Madzulo omwewo anaika -lm kumapeto, pulogalamu nitheka, ndipo atalemba 4 ndi 3 panatuluka 5.000000. Loweruka lotsatira anapita kukawauza bambo ake. Iwo anaseka, nati zitatu, zinayi ndi zisanu anazidziwa ndi chingwe iye asanabadwe, ndipo ndi zimene amayesera nazo ngodya ya maziko. Koma anamtuma kuti akafunse za nyumba ina imene anali kuifolera kunjira ya ku Chiponde, ya mamita 7 m'lifupi, msonga yake mamita 2 pamwamba pa khoma. Lolemba analemba 3.5 ndi 2, ndipo kompyuta inayankha 4.031129. Bambowo anadula mapaso a mamita 4 ndi theka, kusiyira khonde.